Chifukwa chake sin(A + B) si sin A + sin B, ndi mmene tingafupikitsire masamu a ngodya ziwiri

Tsamiritsani kukhoma makwerero otalika mamita 4. Akapendekeka madigiri 30 kuchokera pansi, nsonga yake imafika mamita 2 m'mwamba, poti sin 30° ndi theka (sin ya ngodya ndi kukwera kwa nsonga titakugawa ndi kutalika kwa makwerero). Adzutseni ndi madigiri ena 30 kuti afike pa 60. Munthu angaganize kuti nsonga ija ifika mamita 4 tsopano, popeza ngodya yawirikiza. Sizitero ayi, imalekera pa mamita 3.46. Madigiri 30 otsiriza, amene amaimiritsa makwererowo chilili, amangowonjezerapo masentimita 54 okha. Madigiri ndi omwewo ulendo uliwonse, koma kukwera kwa nsonga kukunka kucheperachepera.

Mutu wonse uno wagona pamenepa. Ophunzira ambiri akaona sin(A + B) dzanja limathamangira kulemba sin A + sin B, chifukwa linazolowera aljebura, kumene 3(a + b) imatseguka n'kukhala 3a + 3b. Koma sin si nambala yochulukitsa zimene zili m'mabulaketi. Ndi muyeso umene umasintha liwiro lake malingana ndi pamene ngodya yafika. Wokayika ayese izi: sin 60° + sin 60° ndi 1.732, chonsecho palibe ngodya iliyonse imene sin yake imapitirira 1. Choncho sin 120° singakhale yankho limenelo, zivute zitani.

Yankho lenileni ndi ili:

sin(A + B) = sin A cos B + cos A sin B

Taonani mmene ilili. Sin A ilipo, sin B iliponso, koma iliyonse yachepetsedwa ndi cos ya inzake (pa makwerero aja, cos ndi mtunda wa pansi wochokera pakhoma kufika patsinde la makwerero titaugawa ndi kutalika kwa makwererowo). Cos B ndiyo ikuchepetsa mphamvu ya sin A, cos A ikuchepetsa ya sin B. N'chifukwa chake makwerero aja atafika kale pa madigiri 60, pamene cos yatsika kufika pa theka, madigiri owonjezera sakukwezanso nsonga kwambiri.

Ine ndimadandaula kwambiri ndikaona wophunzira atapatsidwa mafomula asanu ndi limodzi kuti aloweze ngati ndime ya pamtima, osauzidwa kumene achokera. Zoloweza mwa njira imeneyi zimathawa pa tsiku la mayeso, ndipo chimayamba kuthawa ndi chizindikiro cha pakati, pulasi kapena mayinasi. Chonsecho fomula yoyambayi munthu angathe kuipanga yekha papepala, ndipo ena onse amabadwa kwa iyo.

Jambulani thirayango, nsonga yake ikhale pamwamba. Kuchokera pansongapo tsitsani mzere woongoka umene ukagunde mbali ya pansi pa madigiri 90. Kutalika kwa mzerewu tikutche h. Mzerewu wagawa ngodya ya pansonga pawiri: chakumanzere A, chakumanja B. Mbali yopendekeka ya kumanzere ikhale p, ya kumanja ikhale q. Tsopano kumbukirani lamulo limene aliyense amaphunzira ku sekondale, loti area ya thirayango ndi theka la mbali ziwiri zochulukitsidwa, kuchulukitsanso ndi sin ya ngodya ya pakati pa mbalizo. Thirayango yonse yaikulu ili ndi area ya ½ pq sin(A + B). Kachigawo ka kumanzere ndi ½ ph sin A, ka kumanja ndi ½ qh sin B. Zigawo ziwirizi zikaphatikizana ziyenera kufanana ndi yaikulu ija, palibe kothawira.

Luso lili pa h. Mzerewu ndi wa mathirayango aang'ono onse awiri, ndiye tingaulembe m'njira ziwiri. Tikayang'ana kumanja, h = q cos B. Tikayang'ana kumanzere, h = p cos A. M'chigawo cha kumanzere tiikemo h ya kumanja, m'chigawo cha kumanja tiikemo ya kumanzere:

½ pq sin(A + B) = ½ pq sin A cos B + ½ pq cos A sin B

Fufutani ½ pq paliponse, fomula ija yatuluka yokha. Chojambulachi chikugwira pa ngodya zosafika madigiri 90, koma fomulayo imakhalabe yoona pa ngodya iliyonse, yaikulu kapena ya mayinasi.

Enawo sachedwa. Kuti tipeze ya kuchotsera, m'malo mwa B tiika −B. Ngodya ikatembenukira kunsi, sin imasintha chizindikiro koma cos siisintha: sin(−B) = −sin B, cos(−B) = cos B. Ndiye

sin(A − B) = sin A cos B − cos A sin B

Ya cos imatuluka tikakumbukira kuti cos ya ngodya iliyonse ndi sin ya ngodya yotsala kuti ikwane 90. Choncho cos(A + B) ndi sin(90° − A − B), imene tingaione ngati ngodya ya (90° − A) titachotsapo B. Tikaitsegula ndi fomula ya kuchotsera ija, sin(90° − A) isanduka cos A, cos(90° − A) isanduka sin A:

cos(A + B) = cos A cos B − sin A sin B
cos(A − B) = cos A cos B + sin A sin B

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa chizindikiro chatembenuka: mkati muli pulasi, kunja mayinasi. Sikuti ndi mwambo wongofunika kuloweza. Ngodya ikamakula kuchoka pa 0 kupita ku 90, cos imatsika, ndiye kuwonjezera ngodya kuyenera kuchotsako kanthu. Mukasokonezeka m'chipinda cha mayeso, ikani madigiri 45 pa A ndi pa B pomwe. Cos 90° ndi 0, ndipo ½ − ½ ndi 0, pamene ½ + ½ ndi 1. Chizindikiro choyenera chadziulula chokha m'kanthawi kochepa.

Za tan ndi kungogawa ya sin ndi ya cos, kenako kugawa kalikonse pamwamba ndi pansi ndi cos A cos B:

tan(A + B) = (tan A + tan B) / (1 − tan A tan B)
tan(A − B) = (tan A − tan B) / (1 + tan A tan B)

Ntchito yoyamba imene mabuku amapereka ndi yotsegula. Ngodya zimene timazidziwa bwino ndi 30, 45, 60 ndi 90, ndiye ngodya ina ikabwera timaifunsa kuti yapangidwa ndi ziti. 75 ndi 45 kuphatikiza 30. Sin 75° ikhala (√2/2)(√3/2) + (√2/2)(1/2), imene ndi (√6 + √2)/4, pafupifupi 0.9659. 15 ndi 45 kuchotsa 30, choncho tan 15° ndi (1 − 1/√3)/(1 + 1/√3), imene ikakonzedwa bwino imatsala 2 − √3. Izi sizivuta, munthu akachita ziwiri zitatu dzanja lazolowera.

Kufupikitsa kwenikweni kuli pa ulendo wobwerera, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Fomula ili ndi mbali ziwiri. Ophunzira ambiri amaiwerenga kuchoka kumanzere kupita kumanja basi, kuchoka pa chachifupi kupita pa chachitali. Wolemba mayeso amadziwa zimenezi, ndiye amakupatsani chachitalicho kuti aone ngati muchizindikire. Mwachitsanzo:

sin 50° cos 20° − cos 50° sin 20°

Amene sanazolowere amayamba kufufuza sin 50° pa kalikuleta. Amene anazolowera amaona maonekedwe: sin ndi cos zasinthanasinthana, pakati pali mayinasi, ndiye iyi ndi sin(50° − 20°), kutanthauza sin 30°, theka. Zimene diso liyenera kufunsa ndi ziwiri. Kodi m'chigawo chilichonse muli zosakanikirana, sin ndi cos? Ngati ndi choncho, yankho ndi sin, ndipo chizindikiro chimalowa mkati mmene chilili. Kapena kodi zofanana zakhala pamodzi, cos ndi cos, sin ndi sin? Pamenepo yankho ndi cos, ndipo chizindikiro chimatembenuka. Choncho cos 70° cos 10° + sin 70° sin 10° ndi cos 60°, ndipo cos 5x cos 2x + sin 5x sin 2x ndi cos 3x. Pachitsanzo chachiwirichi wina akhoza kutha tsamba lonse akuyesa kutsegula cos 5x, pamene yankho ndi la mzere umodzi.

Nthawi zina fomula imabwera itabisala. Taonani iyi:

sin 40° cos 20° + sin 50° sin 20°

Ngodya zilipo zitatu, 40, 20 ndi 50, pamene fomula imafuna ziwiri. Koma 40 ndi 50 zikaphatikizana zimakwana 90, ndiye sin 50° ndi cos 40° yomweyo. Mukasintha pamenepo mwapeza sin 40° cos 20° + cos 40° sin 20°, imene ndi sin 60°. Ngodya zikachuluka kuposa ziwiri, yambani mwayang'ana ngati pali ziwiri zokwana 90 kapena 180.

Kubisala kwina kumene ndimakukonda kuli pa nambala 1. Mukapatsidwa (1 + tan x)/(1 − tan x), poyamba simuona tan ziwiri. Koma tan 45° ndi 1. Lembani 1 wa pamwamba ngati tan 45°, ndipo pansi muone tan x ngati tan 45° tan x. Zonse zija zangokhala tan(45° + x). Chimodzimodzi theka likhoza kukhala sin 30° kapena cos 60°, ndipo √3/2 ikhoza kukhala cos 30° kapena sin 60°. Choncho ½ cos x + (√3/2) sin x ndi cos(x − 60°). Nambala zimenezi zikaoneka pafupi ndi sin x ndi cos x, kawirikawiri sizinabwere mwangozi.

Pali masamu ena amene amafuna kuti mutsegule kaye, zikule, kenako zidyane zokha. Tengani sin(x + 30°) + cos(x + 60°). Yoyamba itseguka kukhala (√3/2) sin x + ½ cos x. Yachiwiri ikhala ½ cos x − (√3/2) sin x. Zigawo za sin x zathana, matheka awiri a cos x aphatikizana, yankho ndi cos x. Musadumphe kuyesa yankho lanu: ikani x = 0, mupeza sin 30° + cos 60°, theka ndi theka, 1, ndipo cos 0° ndi 1. Kuyesa kotere sikutsimikizira kuti yankho ndi loona pa ngodya zonse, koma cholakwa cha chizindikiro kumachigwira msanga.

Nanga munthu adziwa bwanji kuti apa atsegule, apa atseke? Ine ndimayang'ana ngodya. Ngati m'mabulaketi muli ngodya yodziwika, monga 30, 45, 90 kapena 180, kutsegula kumapindula, chifukwa sin ndi cos zake zisanduka nambala wamba, mwinanso 0. Sin(180° − x) ikatseguka, sin 180° ndi 0 ndipo cos 180° ndi −1, ndiye chotsala ndi sin x. Cos(90° + x) imatsala −sin x. Malamulo onse aja a zigawo zinayi za seko, amene ophunzira amavutika kuloweza, ali m'mafomula omwewa. Ngati pansi pa fulakishoni pali ngodya zoima pazokha, monga cos A cos B, tsegulani za pamwamba kuti zilankhule chinenero chimodzi: sin(A + B)/(cos A cos B) igawika pawiri n'kukhala tan A + tan B. Koma ngati mwapatsidwa zigawo ziwiri zochulukitsana, zokhala ndi ngodya ziwiri zomwezomwezo, yesani kutseka musanachite china chilichonse.

Mukaona (A + B) ndi (A − B) zikuchulukitsana, kumbukirani aljebura ya (a + b)(a − b) = a² − b². Sin(A + B) sin(A − B) ikhala sin²A cos²B − cos²A sin²B. Sinthani cos² iliyonse kukhala 1 − sin², zigawo zapakati zithana, mutsala ndi sin²A − sin²B. Ndipo mukangoika B yofanana ndi A m'mafomula a kuphatikiza, mwapeza sin 2A = 2 sin A cos A ndi cos 2A = cos²A − sin²A popanda kuloweza china chatsopano.

Malo awiri ndi oterera. Oyamba ndi tan ya madigiri 90, imene kulibe. Tan(90° + x) simungaitsegule ndi fomula ya tan. Dzerani njira ya sin ndi cos: pamwamba sin(90° + x) ndi cos x, pansi cos(90° + x) ndi −sin x, yankho ndi −cos x / sin x. Achiwiri ndi chizindikiro cha ngodya yopitirira 90. Tinene kuti sin A = 3/5, A ndi yosafika 90, ndipo cos B = −5/13, B ili pakati pa 90 ndi 180. Lamulo la Pythagoras litipatsa cos A = 4/5 ndi sin B = 12/13, ndipo sin B ikhala ya pulasi chifukwa m'chigawo chimenecho sin sinatsike kunsi kwa 0. Sin(A + B) ndi (3/5)(−5/13) + (4/5)(12/13), kutanthauza 33/65. Cos(A + B) ndi (4/5)(−5/13) − (3/5)(12/13), kutanthauza −56/65. Kuti mudziwe kuti simunaphonye, 33² kuphatikiza 56² ndi 4225, imene ndi 65² ndendende. Amene waiwala mayinasi wa pa 5/13 apeza 63/65, yankho looneka bwino koma la funso lina.

Mafomulawa sanapangidwire mayeso. Anabadwa chifukwa anthu ankafuna kudziwa malo a nyenyezi pa nthawi imene kunalibe makina owerengera. Cha m'ma 150 AD, mumzinda wa Alexandria ku Egypt, Ptolemy analemba buku la zakuthambo lotchedwa Almagest, ndipo mmenemo anaikamo tebulo la kutalika kwa mizere yodula seko, kuyambira theka la digiri mpaka madigiri 180, akukwera ndi theka la digiri. Iye sankagwiritsa ntchito sin monga tiidziwira lero, koma njira yake ndi yomweyi. Ankadziwa muyeso wa madigiri 72 kuchokera ku chojambula cha mbali zisanu zofanana, ndi wa madigiri 60 kuchokera ku cha mbali zisanu ndi imodzi. Lamulo lake la kuchotsera linamupatsa wa madigiri 12, ndipo pogawa pakati mobwerezabwereza anatsika pa 6, pa 3, pa 1½, mpaka pa ¾. Akatswiri a ku India, monga Aryabhata amene analemba buku lake mu 499, ndiwo anayamba kugwiritsa ntchito theka la mzere uja, limene ndi sin yathu. Abu al-Wafa, amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 900, amadziwika kuti analemba malamulo a kuphatikiza ndi kuchotsera ngodya pogwiritsa ntchito sin.

Pali ntchito ina imene imandisangalatsa kwambiri. Phatikizani mafomula awiri a cos aja, zigawo za sin zithana, mutsala ndi cos A cos B = ½[cos(A − B) + cos(A + B)]. Kumanzere kuli kuchulukitsa, kumanja kuli kuphatikiza kokha. M'zaka za m'ma 1580, owerengera zakuthambo amene ankagwira ntchito ndi Tycho Brahe, katswiri wa zakuthambo wa ku Denmark, pachilumba cha Hven ankagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pochulukitsa nambala zazitali. Mukufuna 0.6428 kuchulukitsa ndi 0.9397? Tebulo likuuzani kuti yoyamba ndi cos 50°, yachiwiri ndi cos 20°. Pezani cos 30° ndi cos 70°, zimene ndi 0.8660 ndi 0.3420, phatikizani, gawani pawiri: 0.6040. Kwa munthu wowerengera pamanja tsiku lonse, kusandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza kunali mpumulo waukulu, ndipo njirayi inagwira ntchito mpaka John Napier atatulutsa ma logarithm mu 1614.

Ulendo wobwerera uja uli ndi sitepe ina imodzi, ndipo ndi imene imafika mpaka kumagetsi a m'nyumba zathu. Tengani 3 sin x + 4 cos x. 3 ndi 4 sizingakhale cos kapena sin ya ngodya iliyonse, zakula kwambiri. Koma tulutsani 5 panja, popeza √(3² + 4²) ndi 5, mkati mutsala (3/5) sin x + (4/5) cos x. Tsopano ilipo ngodya imene cos yake ndi 3/5 ndipo sin yake ndi 4/5, pafupifupi madigiri 53.13. Zonse zija ndi 5 sin(x + 53.13°). Mwaona nthawi yomweyo kuti sizingapitirire 5, ngakhale 3 ndi 4 zimakwana 7, chifukwa sin x ndi cos x sizifika pachimake nthawi imodzi.

Magetsi amene ESCOM imagawa amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo mphamvu yake imakwera ndi kutsika motsata sin. Amayenda m'mawaya atatu, a three phase, ndipo waya aliyense amasiyana ndi mnzake ndi madigiri 120. Ndiye tili ndi sin x, sin(x + 120°) ndi sin(x − 120°). Tsegulani ziwiri zomalizazo n'kuziphatikiza: zigawo za cos x sin 120° zithana, mutsala ndi 2 sin x cos 120°. Cos 120° ndi −½, choncho zimenezi ndi −sin x, ndipo mukaphatikiza ndi sin x yoyamba ija yankho ndi 0, pa x iliyonse. N'chifukwa chake zogwiritsa ntchito magetsi zikagawidwa mofanana pamawaya atatuwo, waya wachinayi wobwerera nawo magetsi, wotchedwa neutral, sanyamula kanthu, ndipo amisiri a zamagetsi amalimbikira kuti nyumba za m'dera zigawidwe bwino pa ma phase onse atatu.

Nyumba wamba imalandira phase imodzi ndi neutral, mavoti 230. Mota yaikulu ya chigayo cha magetsi imalandira ma phase onse atatu, ndipo pachitsulo chake pamalembedwa mavoti 400, kapena nambala yoyandikira pamenepo. Wina angayembekeze 460, poti ndi mawaya awiri a 230. Kusiyana kwa ma phase awiri ndi sin x − sin(x − 120°). Yachiwiriyo itseguka kukhala −½ sin x − (√3/2) cos x, ndiye tikachotsera tipeza (3/2) sin x + (√3/2) cos x. Chitani monga tinachitira ndi 3 ndi 4 uja: 9/4 kuphatikiza 3/4 ndi 3, choncho chotuluka panja ndi √3, ndipo mkati mutsala (√3/2) sin x + ½ cos x, imene ndi sin(x + 30°). Mphamvu ya pakati pa ma phase awiri ndi √3 kuchulukitsa ndi ya phase imodzi, ndipo 230 kuchulukitsa ndi 1.732 ndi 398, imene amisiri amangoitcha 400.